Njinga Yamoto Yakale: Kaimvereni M'mamawa

Cimanga, soya ndi fodya zikagulitsidwa, alimi ambiri a ku Mwami, Feni ndi Vubwi amatsikira ku Chipata kukafuna njinga yamoto. Ena mtima wao umagwa pa njinga zija zazitali, za mpando wotsika ndi zogwirira zotambalala, monga Yamaha Virago ndi Honda Shadow. Wogulitsa amailiza, injini nkumalira mosalala, wogula nkuyamba kuwerenga ndalama.

Awerengi athu adziwe kuti injini yofunda imabisa matenda. Zitsulo zikatentha zimafufuma ndi kutseka mipata imene inadyeka, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amathira oilo wolimba kuti phokoso lisamveke. Cifukwa cace panganani kukaona njingayo m'mamawa, ndipo musanailize gwirani injini ndi dzanja. Mukapeza iri yofunda, funsani cifukwa cace.

Injini yozizira yabwino imalira msanga ndi kukhazikika. Imani kumbuyo muone utsi. Nthunzi yoyera imene itha m'kanthawi kocepa siopsa. Utsi wabuluu utanthauza kuti injini ikutentha oilo, kawirikawiri cifukwa maling'i a pisitoni anatha, ndipo kukonza kwace nkufuna kumasula injini. Utsi wakuda ndi petulo wopitirira muyeso. Makaniko angakonze zimenezo pa kabuleta kapena pa sefa ya mpweya. Koma mukamva kugogoda kolemera pansi pa injini, ngati munthu akusinja mumtondo wopanda mphale, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Pano tisalakwire njinga yabwino. Virago ndi Shadow ziri ndi masilinda awiri oima ngati cilembo ca V, ndipo injini yotere ikaima pamodzi imagunda modumphadumpha ngati ng'oma. Ndiko kubadwa kwace. Cofunika ncakuti kugundako kusalale mukaonjeza moto ndi kukwera citunda, zogwirira zisanjenjemere mpaka manja kucita dzanzi. Kumbukiraninso kuti Virago inayamba kupangidwa mu 1981 ndipo Shadow mu 1983. Njinga ina ingakhale yaikulu msinkhu kuposa mwana wanu woyamba, ngakhale penti wace ali wadzulo.

Njinga zimenezi anazipangira mseu wa phula. Kucokera ku Mwami kupita ku Chipata kapena ku Katete ziyenda ngati bwato pamadzi. Koma mimba yace iri pafupi ndi nthaka, ndipo pa njira ya kumunda nthawi ya dzinja idzakhula miyala ndi kutitimira m'matope. Zitsulo zace zosinthira nazonso zimavuta. Kawirikawiri muyenera kuitanitsa ku Lusaka, pamene za Bajaj Boxer zipezeka m'masitolo a ku Chipata komweko. Amene afuna kunyamula matumba a feteleza aganizire bwino pamenepo.

Popeza tiri pamalire, mapepala ndi nkhani yaikulu. Kuyambira mu December 2022 cipata ca Mwami ndi Mchinji cinakhala ca malo amodzi, ndipo njinga yocokera ku Malawi iyenera kulowera pa cipata covomerezeka ngati cimeneci ndi kulipiridwa msonkho ku ZRA. Yolowera m'njira za kuthengo ingalandidwe, ndalama zanu nkupita nayo. Yerekezani nambala ya pa injini ndi ya pa felemu ndi zolembedwa mu white book, ndi dzina la mwini ndi la pa citupa cace. Mukatero pitani naye limodzi wogulitsayo ku ofesi ya RTSA ku Chipata kukasintha dzina.