Tikuthokoza Osamalira Mitengo ku Vumba ndi ku Chirinda

Chisanu chikamatha mu Ogasiti, mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe amasintha mtundu mvula isanadonthe n'komwe. Misasa imaphuka masamba ofiirira, muwale umachita maluwa ofiira nthambi zili mbee, ndipo ku Vumba Botanical Garden, pafupi ndi Mutare, zitsamba za azalea zimayamba kuwala m'mbali mwa tinjira. Alendo amajambula zithunzi n'kumapita, osafunsa kuti wagwira khasu pamenepa ndani.

Munda wa ku Vumba uli m'manja mwa bungwe la ZimParks. Azalea, fuchsia ndi hydrangea si zomera za kuno, ndipo zikasiyidwa zokha tchire limazimeza. Zimafuna kudulira, kupalira ndi kuthirira m'chilimwe. Mundawu wadutsa m'zaka zowawa, kuphatikizapo 2008 pamene ndalama ya dziko inasanduka mapepala, koma ulipobe. Ulemu upite kwa olima m'mundamo.

Komabe kuthokoza kwathu kwakukulu kukupita ku Mount Selinda, m'boma la Chipinge, kumene Forestry Commission imayang'anira nkhalango ya Chirinda. Kumeneko ntchito si kubzala ayi, koma kuletsa nkhwangwa ndi moto. M'katimo muli mbawa wotchuka uja, Big Tree, wotalika mamita pafupifupi 65. Aliyense amene anagulapo thabwa la mbawa kwa kalipentala akudziwa kuti mtengo wotere umakopa maso a ocheka matabwa. Kuti wafika lero uli chilili, alonda a nkhalango achita mbali yawo, ndipo Andau okhala mozungulira nawonso aulemekeza. Mabuku amakonda kutchula Charles Swynnerton, amene anafufuza zomera za m'nkhalangoyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Zoona, anagwira ntchito yaikulu, koma anaipeza nkhalangoyo itasungidwa kale.

Pempho lathu ndi limodzi. M'minda ya tiyi ya Tanganda ku Chipinge ndi ya ku Honde Valley muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Agogo a ana a m'mabanjawa ankaudziwa mbawa ndi muwale kwawo. Eni minda ya tiyi ndi aphunzitsi agwirizane, apeze galimoto mu Seputembala maluwa ali pachimake, ana a m'makomboni akaone malo awiriwa. Ndipo pa zikwangwani za mitengo, pambali pa dzina la Chilatini, palembedwenso la Chindau ndi la Chishona.