ZOKAMBA PA KHONDE: Munthu amene adabvala moyo wa msodzi



Mwezi uno tifuna kukamba nanu za nchito imene ambiri a ife sitiiyesa nchito konse, ndiyo ya anthu ocita masewero. Kholo likamva mwana wace alikunena kuti, "Ine ndidzakhala wa zisudzo," limagwira m'mutu ndi kuyesa kuti mwanayo watayika. Tsono tisanagamule mlandu umenewu, tiyambe taona moyo wa munthu mmodzi amene adaigwira nchitoyi mwaulemu kufikira imfa yace m'caka ca 2023, ndiye bambo Hope Chisanu.

Ambiri adayamba kudziwa mau ace asanaone nkhope yace, pakuti adali muulutsi pa wailesi ya MBC, ndiponso wocita masewero. Pa wailesi palibe cobvala, palibe ndebvu zomata, palibe ndodo yoyendera. Munthu akafuna kukhala nkhalamba, kapena mfumu, kapena mbala, ayenera kuzisenza zonsezo ndi mau okha. Sukulu imeneyi njobvuta, ndipo amene waipirira safulumira kucita manyazi akaimirira pa maso pa anthu.

Koma ife a kuno ku Mangochi tiri ndi cifukwa cathucathu comkumbukira. M'caka ca 2012 bambo Shemu Joyah adatulutsa kanema, imene makolo athu ankaicha baisikopo, dzina lace The Last Fishing Boat, ndiko kunena bwato lotsiriza la asodzi. Nkhani yace idacitikira pa gombe la nyanja yathu yomwe ino. M'menemo bambo Chisanu adasanduka Yusufu, msodzi amene kale adali wolemera ndi wolemekezeka, koma tsopano makoka ace alikubwera opanda kanthu. Mkazi wace wamng'ono, Abiti Anefa, amene adamsewera ndi mai Flora Suya, alikusiriridwa ndi mlendo wodzaona nyanja. Ndipo mwana wace Mustafa wakana nkhafi ndi ukonde, nayamba kutsata alendo ndi ndalama zao, m'njira zina zosayenera kuzichula pa khonde. Caka cotsatira, ca 2013, kanemayo adalandira mphotho ku Nigeria cifukwa ca nyimbo zace.

Nanga luso la munthu wotere liri pati? Liri pa kudziiwala. Iye amene adazolowera kulankhula m'nyumba ya wailesi adayenera kuvula ulemu wa m'tauni, nabvala mayendedwe a munthu wa pa mcenga, ndi kukhala cete kwa bambo amene alibe copatsa ana ace madzulo. Wosewera wacabe amafuna kuti anthu aone iye mwini; wosewera weniweni amafuna kuti aone Yusufu. Ndipo ife tikaona Yusufu, kodi sitiona atsibweni athu a ku Malembo, kapena mnansi wathu wa ku Makawa? Tonse tidziwa kuti m'zaka za m'ma 1990 cambo cidatsala pang'ono kutheratu m'nyanja ya Malombe, cifukwa ca kucuruka kwa asodzi ndi maukonde a maso ang'onoang'ono okokolola ndi ana omwe a nsomba. Akuluakulu a boma adazinena zimenezi m'misonkhano, ife nkumaodzera. Koma munthu mmodzi atazionetsa ndi nkhope yace, mtima umagunda. Imeneyo ndiyo nchito, abale, ndipo si yaing'ono ai.

Bambo Chisanu sadali yekha m'njira imeneyi. Du Chisiza Junior adayambitsa gulu la Wakhumbata m'caka ca 1987, nayenda nalo m'dziko muno kufikira adamwalira mu 1999, caka comwe kanema wa boma adayamba kuoneka m'nyumba za anthu. Ndani sadaseke ndi Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu? Koma funsani pa msika kuti maina ao eni adali ciani, mudzapeza ena alikukanda m'mutu. Izeki adali John Nyanga, amene adatisiya mu 2016; Jakobo adali Eric Mabedi, amene adatsata mnzace mu 2021. Taonani malipiro a nchitoyi: dzina lobwereka limakula, dzina la kwa amai nkubisika. Taonaninso kuti Izeki sakadatiseketsa cotero pakadapanda Jakobo womfunsa ndi kumdzudzula. Adanena akale kuti mutu umodzi susenza denga. M'sewero wosenza mbali yaing'ono ali ngati mzati wa kuseri, umene alendo sauona, koma ukacoka nyumba igwa.

Tsono tiri ndi mau atatu kwa inu makolo.

Loyamba: musasokoneze munthu ndi cobvala cace. Amene wasewera mfiti si mfiti, amene wasewera woledzera kapena sadalawe ndi dontho lomwe. Pa Cisanu Coyera, mnyamata amene wabvomera kukhala Yudasi m'sewero la ku chalichi kwathu asamachedwe Yudasi caka conse ndi anzace. Iye watithandiza kuona cimene ifenso tingathe kucita.

Laciwiri: wanchito ayenera malipiro ace. Kanema amadya cuma cambiri, ndipo ocita masewero m'dziko muno ngocepa amene amadya za nchito imeneyi yokha. Tikamajambulitsa makanema ao mwakuba pa kamtengo kocepa, kapena kulowa pa mpanda posalipira pa khomo, talanda nsima m'kamwa mwa ana ao. Boma lidakhazikitsa bungwe la COSOMA mu 1992 kuti liteteze aluso. Koma mlonda woposa onse ndiye mtima wa munthu wogula.

Lacitatu: mwana wanu akakhala ndi mphatso yotsanzira mayendedwe a agogo ace kufikira banja lonse ligwa ndi phwete, musamtseke pakamwa. Muuzeni ayambe watha sukulu, pakuti wosewera ayenera kuwerenga ndi kusunga pa mtima masamba ambiri, ndiponso ayenera kukhala ndi nchito ina yomdyetsa. Mphunzitseni kusankha: sewero lonyoza olumala, kapena lotukwana, alikane ngakhale pali ndalama; sewero lonena zoona, ngakhale zowawa, alilandire.

Madzulo ano, pamene nyali za asodzi a usipa ziyamba kuyaka pa madzi, khalani pamodzi ndi ana anu, muwafunse kuti akadakhala Mustafa akadacita ciani, ndipo inunso mudzifunse za Yusufu. Tidzakambanso mwezi wa mawa. Tsalani bwino.