Galu wanu asadye nyama yaiwisi

Kwabwera fashoni pa Facebook ndi WhatsApp yolimbikitsa kuti galu azidya nyama yaiwisi basi. Akuti poti makolo a galu anali nyama zakutchire, kumuphikira n'kumulakwira. Ena kuno kwathu amawonjezera kuti galu akalawa magazi ndiye amalusa bwino, mbava sizingayandikire khola.

Maganizo amenewa sanayambire kuno. Dokotala wa ziweto wa ku Australia, Ian Billinghurst, ndiye anawatchukitsa ndi buku lomwe anatulutsa mu 1993. Komabe madokotala anzake ambiri sanamuvomereze, moti mu 2012 bungwe la American Veterinary Medical Association linachenjeza anthu kuti asamapatse agalu nyama yosaphika chifukwa cha tizilombo ngati Salmonella, tomwe timadwalitsa galu ndi mbuye wake yemwe.

Ife a ku Uraha nkhani ya makolo akale timaidziwa. Kuno n'komwe mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linafukula nsagwada ya munthu wamakedzana, ya zaka zoposa 2 miliyoni. Nthawi imeneyo moto wophikira kunalibe, koma palibe amene amanena kuti tisiye kuphika usipa potsatira makolo. Nayenso galu anasintha atakhala ndi anthu kwa zaka zikwizikwi. Mu 2013 akatswiri a ku Uppsala University ku Sweden anapeza kuti thupi la galu limagaya zakudya za ufa bwino kuposa mimbulu yomwe iye anachokerako. Choncho mkute wa nsima kapena mpunga wotsala sichipongwe kwa galu.

Chondidetsa nkhawa ine si fashoni ya m'tauni yokha ayi. Kumudzi kuno takhala tikudyetsa agalu zaziwisi kuyambira kale osazindikira. Mbuzi kapena ng'ombe ikaphedwa, mapapo kapena chiwindi chokhala ndi timatumba tamadzi amaponyera galu poti anthu anyansidwa nacho. M'timatumba timeneti mumatha kukhala ana a njoka zam'mimba. Njokazo zimakulira mwa galu, mazira ake n'kumatuluka ndi chimbudzi chake pabwalo pomwe ana amasewera ndi m'dimba momwe timathyola ndiwo. Mwana akameza mazirawo, chotupa chimatha kumera m'chiwindi kapena m'mapapo mwake, n'kumakula mwakachetechete kwa zaka, mwina mpaka kufunika opaleshoni. Ana amenewa ndi omwewo timakhala nawo m'kalasi.

Chachiwiri ndi ziweto zofa zokha. Mu 2023 matenda a anthrax anavuta ku Zambia, ndipo kuno ku Malawi munthu anapezeka nawo ku Mzimba. Matendawa amafala pogwira kapena kudya nyama ya chiweto chomwe chafa nawo. Nkhumba ikafa ndi chigodola, galu sadwala nacho, koma amakoka mafupa ndi zikopa kukasiya pafupi ndi khola la mnzako. Mwini kholalo amaluza nkhumba zomwe amadalira pa fizi ya ana.

Tichite chiyani tsono? Zam'kati mwa nyama, mitu ya nsomba ndi usipa wophwanyika tiziwiritsa mpaka zipse, kenako n'kusakaniza ndi phala la madeya kapena mgaiwa. Nsima yokha siyokwanira, n'chifukwa chake agalu ambiri m'midzi nthiti zili pamtunda. Musathiremo anyezi, amawononga magazi a galu. Mafupa a nkhuku ophika musamupatse, amasweka ngati zisonga n'kubaya m'matumbo. Chiwalo chooneka chodwala chikwiriridwe mozama, ndipo chiweto chikafa mosadziwika bwino tiyitane mlangizi wa ziweto tisanachigwire. Tifunsenso mlangiziyo mankhwala a njoka zam'mimba, osayiwala katemera wa chiwewe chaka chilichonse.

Za kulusazo, galu amateteza pakhomo pomwe amakhuta ndi kusamalidwa. Wanjala ndi amene amakwawira kwa eni ake kukagwira nkhuku, mapeto ake inu mukalipe kwa amfumu. Nkhuni zowiritsira m'phika wa galu n'zochepa poyerekeza ndi ndalama yotengera mwana ku chipatala chachikulu cha Mzuzu.