Kuyeza mlalang'amba: zomwe zatheka ndi gawo lomwe likudikira Malawi

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, usiku ukakhwima, pakatikati pa mlalang'amba wathu pamadutsa pafupifupi pamwamba penipeni pa mzinda wa Lilongwe. Anthu a ku Ulaya amapaonera chapansi, m'mphepete mwa thambo. Ngakhale tili pamalo abwino chonchi, ntchito yoyeza mlalang'ambawu yakhala ikugwiridwa ndi ena. Popeza makina a Gaia, amene anayeza nyenyezi kwa zaka zoposa 10, anazimitsidwa mu Malichi 2025, ino ndi nthawi yoti tione pomwe ntchitoyi yafika.

Mlalang'amba sungaikidwe pa sikelo. Chimene akatswiri a zakuthambo amayeza ndi liwiro la nyenyezi komanso kutalikirana kwake ndi pakati pa mlalang'ambawo. Mwana akamazunguza mwala womangirira ku chingwe, mwalawo ukamathamanga kwambiri ndiye kuti dzanja likukokanso kwambiri. Nyenyezi nazo, liwiro lake limaulula kukula kwa mphamvu yokoka imene ikuziletsa kuthawa. Dzuwa limayenda makilomita pafupifupi 230 pa sekondi, lili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 26,000 kuchokera pakati. Masamu a Isaac Newton akutiuza kuti zonse zili mkati mwa njira ya dzuwayi zikulemera ngati madzuwa pafupifupi 100 biliyoni.

Njirayi inayamba kalekale. Mu 1932, Jan Oort wa ku Netherlands anafufuza mmene nyenyezi zoyandikana ndi dzuwa zimakwerera ndi kutsika, kuti adziwe kulemera kwa dera lathu. Mu 1970, Vera Rubin ndi Kent Ford anayeza kazunguliridwe ka mlalang'amba wa Andromeda, kenako anayezanso ina yambiri. Aliyense ankayembekezera kuti nyenyezi zakumphepete ziziyenda pang'onopang'ono, monga amachitira mapulaneti akutali ndi dzuwa. Koma liwiro silinatsike. Choncho pali chinthu cholemera chimene sichiwala, chomwe akatswiri amachitcha dark matter, kapena lamulo la mphamvu yokoka likufunika kukonzedwa, monga ananenera Mordehai Milgrom mu 1983. Ambiri ali kumbali yoyambayo, koma mpaka lero palibe amene wachigwira chinthucho.

Pali mbali ina pomwe njirayi inapambana kotheratu. Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez anatsata nyenyezi zozungulira pakatikati pa mlalang'amba wathu, kuphatikizapo ina yotchedwa S2 imene imamaliza ulendo wake m'zaka 16. Anapeza kuti pamenepo pali black hole (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungathawe) yolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2020.

Gaia, yomwe bungwe la European Space Agency linaitumiza kuthambo mu 2013, inabweretsa zambiri komanso mutu waukulu. Zomwe inatulutsa mu 2022 zikukhudza nyenyezi pafupifupi 1.8 biliyoni. Gaia inaonetsanso kuti mlalang'amba wathu sunakhazikike: ukugwedezekabe, mwina chifukwa cha kamlalang'amba ka Sagittarius kamene kanadutsa pafupi. Masamu akale ankatenga zonse ngati zodekha, choncho akufunika kuwaonanso.

Kutsogoloku ntchito ichuluka. Bungwe lija linalonjeza kutulutsa gawo lina la zomwe Gaia inapeza mu Disembala 2026. Ku Chile, makina atsopano otchedwa dzina la Vera Rubin anaonetsa zithunzi zawo zoyamba mu Juni 2025. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, kuli makina ofufuzira zakuthambo a MeerKAT a madishi 64, ndipo ntchito yomanga makina ena akuluakulu otchedwa Square Kilometre Array (SKA) inayamba mu 2022. Mwa mayiko 8 a mu Africa amene anagwirizana ndi South Africa pa SKA muli Zambia ndi Mozambique. Malawi mulibe.

Ife tikuti kusowa kwa makina kusakhale podzikhululukira. Zomwe Gaia inayeza zili pa intaneti, zaulere kwa aliyense. Wophunzira wa physics kapena masamu ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku MUST akufunika kompyuta, magetsi odalirika ndi mphunzitsi womuongolera. Luso losanthula manambala ochuluka chotere ndi lomwelo likufunika pa zanyengo, zaumoyo ndi zachuma.

Tikupempha zinthu ziwiri. Bungwe la National Commission for Science and Technology, lomwe lili ku City Centre mu Lilongwe, liike kafukufuku wotere pa mndandanda wa ntchito zomwe limathandiza ndi ndalama. Akuluakulu a ku Capital Hill nawo akambirane ndi anzawo a ku Lusaka, Maputo ndi Pretoria kuti ophunzira athu apeze malo pa maphunziro a SKA. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula sayansi, ndiye tikufuna kuona mawuwo mu bajeti ya chaka chamawa.