Amene Amamanga Miyendo ya Osewera Athu Ndife

Achinyamata anzathu, tiyeni tilankhule mosapsatira. Timu yathu ikagonja pabwalo kuno kwa Champiti, timafika kunyumba titapeza kale chifukwa: ati adani anakwirira mankhwala pagolo, ati wakutsogolo wathu anamumanga miyendo. Bodza limeneli latikwana. Omanga miyendo ya ana athu ndife ochemerera, ndipo chingwe chake ndi lilime lathu.

Munthu akachita mantha kapena akapsa mtima, thupi lake limathira m'magazi mphamvu yotchedwa adrenaline. Mtima umagunda mothamanga, mpweya umaperewera, minofu imakungika. Zikakhala pang'ono zimathandiza, pakuti wosewera amakhala tcheru. Zikapyola muyeso phazi limalephera kuyeza mpira, maso amangoona pafupi, mnzake ali yekhayekha pamtetete iye osamuona.

Kumbukirani za ku Angola m'chaka cha 2010. Pa 11 Januwale timu ya Flames idakwapula Algeria 3-0, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Patangotha sabata imodzi, ku Cabinda, dziko lonse litaika chiyembekezo pamapewa awo, Mali idatimwetsa zigoli ziwiri m'mphindi zitatu zoyambirira. Kodi luso lidathawa m'masiku 7 okha? Ife tikuti chimene chidalemera ndi mtima. Ngakhale Zinedine Zidane, katswiri wa France, ukali udamugonjetsa ku Berlin mu 2006: adagunda Marco Materazzi ndi mutu pachifuwa, adatulutsidwa m'bwalo, ndipo chikho cha dziko lonse chidapita ku Italy.

Ngati akatswiri otere amagwedezeka, nanga mnyamata wa Fomu 2 wosewera wopanda nsapato? Akaphonya penate timamutukwanira mayi ake. Mtsikana wa ntchembere mbaye akagwetsa mpira timaseka thupi lake, abale ake ali pomwepo akumva. Kenaka mpira wotsatira ukamudutsa, manja akunjenjemera, timati walodzedwa. Ena amadziteteza kuti kunyoza kumalimbitsa wosewera. Kumalimbitsa yani? Amene tidawanyoza chaka chatha ambiri adasiya kubwera kubwalo. Ndipo n'zochititsa manyazi kuti pakamwa potukwana masana ndi pomwe paja pamaimba m'kwaya m'mawa wa Lamulungu lomwelo.

Tikupempha atsogoleri a matimu athu kuti pa masewero akubwerawa aimitse mpira wina akayamba kutukwana wosewera, ndipo usayambirenso mpaka wotukwanayo atachoka pamzere.