Mayeso achotsedwa pakhomo, katundu watsalira mphunzitsi

Mu January 2023, bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera a m'makoleji ku America, linathetsa lamulo loti wophunzira watsopano aonetse kaye zotsatira za mayeso a SAT kapena ACT asanaloledwe kusewera m'matimu a Division I ndi Division II. Lamuloli linali litaimitsidwa kale mu 2020 chifukwa cha Covid-19, pamene malo ambiri olembera mayeso anatsekedwa, ndipo mliri utadutsa silinabwererenso. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikugwirizana nacho chiganizochi. Nkhawa yathu ili poti katundu amene mayesowo ankasenza tsopano wagwera pamutu pa mphunzitsi wa kusekondale.

Kumeneko masewera a pakoleji ndi ndalama. Bwalo la mpira la University of Michigan limalowa anthu opitirira 100,000, ndipo masewerawo amaonetsedwa pa TV dziko lonse. Mnyamata waluso amalipiriridwa fizi, malo ogona ndi chakudya. Koleji yofuna chikho imakopeka msanga kutenga mwana wamtali ndi waliwiro osafunsa ngati angathe kuwerenga buku la m'kalasi mwake. Zinachitikira Kevin Ross. Anasewera basketball zaka zinayi ku Creighton University, koma mu 1982 anakakhala m'kalasi limodzi ndi tiana ta pulayimale pasukulu ya Marva Collins ku Chicago, kuti aphunzire kuwerenga bwinobwino.

Nkhani zochititsa manyazi ngati imeneyi n'zimene zinabala lamulo lotchedwa Proposition 48, lomwe linavomerezedwa mu 1983 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1986. Linkafuna kuti wosewera akhale ndi avereji ya 2.0 pa 4.0 m'maphunziro 11 ofunikira, komanso malikisi 700 pa SAT kapena 15 pa ACT. Cholinga chinali chabwino, koma amene anatsekeredwa kunja kwambiri anali ana a anthu akuda ndi ana a osauka. Mu 1989 NCAA itawonjezera kuti wosakwanitsa zonsezo asalandire ngakhale thandizo la fizi la osewera, kochi wa Georgetown, a John Thompson, anatuluka m'bwalo masewera ndi Boston College asanayambe, posonyeza kukwiya kwawo.

A Thompson ankaona zoona. Mayeso a tsiku limodzi amayeza zimene mwana akudziwa, komanso amayeza thumba la makolo ake. Wa pabanja lopeza bwino amalipira womukonzekeretsa, amagula mabuku, ndipo akapeza malikisi ochepa amalembanso. Mnzake wochokera kusukulu yopanda labotale amalowa m'chipinda chomwecho n'kupatsidwa pepala lomwelo. Komanso malikisi akakhala kiyi wa pachitseko, anthu amafuna njira zachidule. Mu 2009 University of Memphis inalandidwa masewera 38 amene timu yake ya basketball inapambana mu nyengo ya 2007-08, zotsatira za SAT za wosewera wawo mmodzi zitakanidwa.

Nanga chatsala n'chiyani? Wofuna kusewera mu Division I chaka chake choyamba ayenera kumaliza maphunziro 16 ovomerezeka kusekondale, monga Chingerezi cha zaka zinayi, masamu a zaka zitatu ndi sayansi ya zaka ziwiri. Khumi mwa maphunzirowo awamalize asanalowe chaka chomaliza, ndipo avereji yake ikhale 2.3 kapena kuposa. Koleji payokha ikhoza kufunabe SAT polemba ophunzira, koma kumbali ya NCAA chiweruzo chili pa magiredi basi.

Apa m'pamene ife olowa koleji ndi mapointi a MSCE tiyenera kumvetsa kusiyana kwake. Pepala la MSCE limachongedwa kudzera ku MANEB ndi munthu wosakudziwa nkhope. Avereji ya ku America imachokera kwa aphunzitsi ako omwe, amene amakumana nawe tsiku lililonse, amadziwa mayi ako, ndiponso amadziwa kuti timu ya sukulu imadalira iwe. Taganizirani mphunzitsi wa masamu amene wagwira pepala loyenera D, akudziwa kuti akalemba C mwanayo apita ku koleji osalipira kalikonse. Kochi wadutsa kale kudzapereka moni. Ahedi anenapo mawu awiri pakhonde. Palibe amene wamuuza kuti aname, koma wamva zonse. Kale akanatha kuyankha kuti kukweza giredi n'kutaya nthawi, poti SAT idzaulula. Lero chobisalirapo chimenecho palibe.

Kukana kumakhala ndi mtengo wake. Mayi Jan Kemp ankaphunzitsa Chingerezi kwa ophunzira otsalira ku University of Georgia. Anadandaula akuluakulu atadutsitsa osewera mpira asanu ndi anayi amene sanakhoze, n'cholinga choti akasewere masewera a Sugar Bowl. Anawatsitsa paudindo, kenako ntchito inatha. Mu 1986 khoti linawapatsa madola oposa 2.5 miliyoni, ngakhale ndalamazo zinachepetsedwa pambuyo pake, ndipo mkulu wa yunivesiteyo anatula pansi udindo. Anapambana, inde, koma patapita zaka zowawa. Mphunzitsi wa sekondale ya m'tauni yaing'ono sangayembekezere mwayi wotero.

Wina anganene kuti ndiye mayeso abwerere. Yankho lathu lili ku University of North Carolina. Lipoti la Kenneth Wainstein la mu 2014 linapeza kuti kuyambira 1993 mpaka 2011 ophunzira pafupifupi 3,100, pafupifupi theka lawo osewera, analembetsa makosi amene sankakumana m'kalasi. Ankangopereka pepala limodzi n'kupatsidwa giredi yapamwamba. Zaka zonsezo lamulo la SAT linalipo. Mlonda anali pachipata, katundu ankabedwa m'nyumba. Chodabwitsa china n'choti mu 2017 NCAA sinapereke chilango pa makosiwo, ponena kuti ophunzira osasewera nawonso ankaloledwa kuwatenga.

Muphunziro la kayesedwe ka ophunzira timasiyanitsa mayeso osefera anthu ndi mayeso opimira pamene mwana akuvutika. SAT inkagwiritsidwa ntchito yoyambayo, pamene chimene Kevin Ross ankasowa ndi yachiwiriyo. Tikadakonda kuti wosewera aliyense akangolowa apimidwe kawerengedwe, kalembedwe ndi masamu ndi anthu osalandira malipiro kuchokera ku dipatimenti ya masewera. Wopezeka wotsalira asathamangitsidwe. Akhale chaka chonse akuphunzira, fizi yake ili yolipiridwa, osakwera ndege kupita kumipikisano. Si zachilendo kumeneko: isanafike 1972 ophunzira a chaka choyamba sankaloledwa kusewera m'timu yaikulu ya mpira kapena basketball. Ngakhale panopa wa avereji yapakati pa 2.0 ndi 2.3 amaloledwa kulandira thandizo la fizi ndi kuchita nawo zokonzekera, koma osapikisana chaka choyamba. Vuto n'loti amene amasankha wolowa m'gulu limeneli ndi magiredi omwe aja, amene mphunzitsi wopanikizidwa akhoza kuwakweza.

Makochi adzadandaula kuti chaka chathunthu n'chambiri kwa wosewera amene anamuvutikira kumupeza. Kwa timu n'chambiridi. Koma mwa osewera a NCAA, amene amadzalembedwa ntchito ya masewera safika awiri pa 100 alionse. Otsalawo adzakafuna ntchito ndi digiri, ndipo wowalemba adzawapatsa lipoti kuti awerenge.