Amene Wagwira Chiwongolero Nayenso Aonetse Mapepala

Pa ulendo wochoka ku Johannesburg kupita ku Blantyre, wokwera basi amafunsidwa mapepala pa chipata chilichonse: ku Beitbridge, ku Nyamapanda, ku Zobue mpaka ku Mwanza. Amatsika, amaima pamzere, pasipoti imadindidwa, katundu amafufuzidwa. Komatu m'basimo muli munthu mmodzi amene mapepala ake ndiwo agwira moyo wa onse, ndipo okwera sawaona n'komwe. Munthuyo ndi dalaivala. Ife tikuti mapepala amenewa ndi nkhani ya okwera, ndipo yakwana nthawi yoti makampani a mabasi aziwaonetsa poyera.

Ku South Africa, lamulo la National Road Traffic Act la 1996 silikhutira ndi laisensi yokha. Woyendetsa basi ayenera kukhalanso ndi chilolezo chapadera chotchedwa PrDP, chimene chimalembedwa pa khadi la laisensi pamodzi ndi tsiku lake lothera. Chilolezochi chili m'magulu atatu: G cha katundu, P cha anthu, ndi D cha katundu woopsa monga mafuta. Cha P sachipereka kwa munthu wosakwana zaka 21. Wochifuna amayezedwa ndi dokotala, apolisi amadinda zala zake kuti aone mbiri yake, ndipo amene anapezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa ataledzera kapena mosasamala m'zaka zisanu zapitazo amakanizidwa. Chimatha pakapita zaka ziwiri, zonsezi n'kuyambiranso. Ngakhale pa mowa lamulo limamukhwimitsira: muyeso wololedwa m'magazi ndi wochepera magalamu 0.02 pa mamililita 100, pamene kwa oyendetsa wamba ndi 0.05.

Pali mfundo ina imene ambiri saidziwa, koma imakhudza pafupifupi basi iliyonse yonyamuka ulendo wa kumudzi. Mabasiwa amakoka ngolo yodzaza mafiriji, mabedi, njinga ndi zikwama za zovala. Laisensi ya C1 kapena C imalola kuyendetsa basi, koma ngolo yololedwa kulemera kupitirira makilogalamu 750 imafuna EC1 kapena EC, imene madalaivala amaitchabe Code 14. Kusiyanaku si kwa zilembo chabe. Basi yokoka ngolo yolemera imakankhidwa kuchokera kumbuyo ikamatsetsereka, mabuleki amatentha msanga, ndipo amene sanaphunzire kuitsitsa phiri ndi giya yotsika amazindikira zimenezi pa khona, nthawi itatha kale.

Chiphaso cha dalaivala ndi fuwa limodzi; mphika umakhala pa mafuwa atatu. Lachiwiri ndi basiyo, imene ku South Africa iyenera kuyezedwa pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Lachitatu ndi kampani, imene iyenera kukhala ndi chilolezo chodutsira malire. Kwa mabasi a ku South Africa chimachokera ku bungwe la Cross-Border Road Transport Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Mu Okutobala 2025 basi yochoka ku Gqeberha inagwera kuphompho pamsewu wa N1 pafupi ndi Louis Trichardt, ndipo anthu oposa 40, a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi, anafa. Ofufuza aboma anapeza kuti inanyamula anthu ochuluka kuposa mipando yake, ndiponso kuti ena mwa mabuleki a basiyo ndi a ngolo yake sankagwira. Basi yotero inayenda mtunda wautali kuchokera ku Eastern Cape mpaka ku Limpopo. Malamulo analipo njira yonseyo.

Nanga okwera amakhaliranji chete? Yankho tikulidziwa tonse. Mayi amene wagwira ntchito ya m'nyumba chaka chathunthu, masiku a pa pasipoti ake atadutsa, safuna china chilichonse chokopa maso a wapolisi. Amadalira dalaivala ndi kondakitala kuti amulankhulire pa chipata, ndiye angayambe bwanji kuwafunsa mapepala? Makampani osakhulupirika amadyera mantha omwewa. Komanso lamulo limapereka mphamvu yofunsa laisensi kwa apolisi apamsewu. Wokwera akhoza kupempha chabe. N'chifukwa chake sitikufuna kusenzetsa mtolowu pamutu pa wokwera. Tikupempha kuti kampani iliyonse yogulitsa matikiti odutsa malire izipachika pamalo ogulitsirapo ndi m'basi momwe mayina a madalaivala a ulendowo, gulu la laisensi yawo ndi tsiku lothera PrDP. Tikunena madalaivala, chifukwa ulendo wa usiku ndi usana sungakhale wa munthu mmodzi, ndipo palibe dokotala amene angayeze tulo ta mawa. Kampani yolongosoka sitaya kanthu ndi kapepala kotero. Maiko a SADC anagwirizana kale mu 1996 kuti azilemekezerana ziphaso zoyendetsera. Ngati chiphaso chikulemekezedwa kutsidya kwa malire, kuchiunika kusathere pa malire.

Anzathu a m'mafamu asaganize kuti nkhaniyi ndi ya mabasi akuluakulu okha. Lole imene imakunyamulani m'bandakucha kupita kumunda wa mphesa kapena wa malalanje ili pansi pa lamulo lomweli. Galimoto iliyonse yonyamula anthu 12 kapena kuposerapo, kuwerengera ndi woyendetsa, imafuna dalaivala wa PrDP. Ndipo kunyamula anthu kumbuyo kwa galimoto ya katundu kumaloledwa pokhapokha m'mbali mwake mutatchingidwa kufika mamilimita 350 kwa anthu okhala pansi, kapena 900 kwa oimirira. Kapitawo akapatsa makiyi mnyamata wodziwa thirakitala basi, wolakwa si mnyamatayo yekha. Mwini galimoto amene walola munthu wopanda chiphaso choyenera kuyendetsa nayenso waphwanya lamulo. Makomiti a ogwira ntchito aziika funsoli pa mndandanda umodzi ndi la malipiro.

Ena mwa owerenga athu akulakalaka kusiya khasu n'kugwira chiwongolero, ndipo ndi khumbo labwino. Chenjerani ndi aja olonjeza laisensi ya pawindo lakumbuyo. Chiphaso chogula chimaululika tsiku la ngozi, pamene kampani imakukana ndipo mlandu umatsala ndi iwe wekha. Dziwaninso kuti PrDP si chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni. Zimenezi ndi zikalata ziwiri zochokera ku maofesi awiri.

Pakali pano, pali chimene wokwera aliyense angachite popanda kukangana ndi munthu. Pa galasi lakutsogolo la basi yolembetsedwa ku South Africa pamamatidwa timapepala tozungulira tosonyeza tsiku lothera. Tiwerengeni musanapereke ndalama. Funsani wogulitsa tikiti kuti madalaivala alipo angati. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kenako jambulani nambala ya basiyo ndi tikiti yanu, mutumize kwa m'bale pa WhatsApp basi isananyamuke.